Ulendo wa pa mapu: ku Kerala, kwao kwa Akhristu a Tomasi Woyera

Pa tchuthi chapitachi ndidachita manyazi pamaso pa atsibweni anga. Tidali pa khonde madzulo tikuotcha chimanga, ndipo iwo adanditembenukira nati: "Iwe mphwanga, ku seminaleko ukufunako chiyani kwenikweni? Chipembedzo chimenechi n'cha Azungu. Adabwera nacho pamodzi ndi msonkho, ndipo yense wolowamo amayamba wataya za makolo ake." Ndidayesa kuti ndiyankhe koma kukamwa kudangoti gwa. Paja kwathu mwini mbumba ndi tsibweni, tsono mau ao sapita ndi mphepo ai. Amai adangokhala chete, ndipo ine usiku umenewo sindidaone tulo.

Titatsekulira sukulu, aphunzitsi athu a Jogalafe adatipatsa ntchito yoti aliyense asankhe dera limodzi la m'maiko otentha, alongosole za nyengo yake, mizinda yake ndiponso malo amene alendo amakonda kukaona. Anzanga ambiri adathamangira ku Brazil chifukwa cha mpira. Ine ndidasankha Kerala, chigawo cha kumwera cha kumadzulo kwa dziko la India, chifukwa wansembe wina wa kumeneko, amene adadzatitsogolera pa m'bindikiro wathu, adanena mau amene adandikhala mumtima. Iwo adati kwao kudali kale Akhristu Apwitikizi asanapondeko phazi. Bambowo ndidawapanikiza ndi mafunso, ndidafufuzanso m'mabuku a mu laibulale, ndipo zimene ndidapeza ndizo ndafuna kugawana nanu, awerengi okondedwa. Ulendowu tiyenda ndi chala pa mapu, choncho pasakhale wodandaula za ndalama ya ndege.

DZIKO LAKE NDI MPHEPO YAKE

Kerala ndi dziko lalitali koma lopyapyala, lopanikizika pakati pa nyanja ya mchere ya Arabia kumadzulo ndi mapiri otchedwa Western Ghats kum'mawa. Gombe lake n'lotalika makilomita pafupifupi 580, ndipo kukula kwake konse ndi limodzi chabe mwa magawo atatu a Malawi. Koma pa kalembera wa mu 2011 adapezamo anthu oposa mamiliyoni 33! Mwa anthu 100 alionse, 55 adali Ahindu, 27 Asilamu ndipo 18 Akhristu. Chilankhulo chao ndi Chimalayalam. Likulu lao ndi Thiruvananthapuram, dzina limene lidanditengera sabata yathunthu kuti ndilitchule osadziluma lilime. Ife tikamva za Amwenye timangoganiza za eni masitolo a ku Limbe, koma ambiri mwa iwowa makolo ao adachokera ku Gujarat, kutali kumpoto. Munthu wa ku Kerala amadya mpunga, nsomba ndi kokonati, ngakhalenso chinangwa chophika chodyera nsomba za tsabola. Atafika ku Nkhata Bay sangagone ndi njala.

Kuti timvetse dziko limeneli tiyambe tamvetsa mphepo yake. Asodzi a kunyanja kwathu amadziwa mwera ndi mpoto. Nayonso nyanja yaikulu ya India ili ndi mphepo zake ziwiri zotchedwa monsoon. Kuyambira mu Juni mpaka Seputembala nthaka ya Asia imatentha kuposa madzi, mpweya wa kumtunda n'kukwera m'mwamba, ndipo mphepo yonyowa ya panyanja imathamangira kudzadzaza malowo. Ikagunda mapiri aja imakwera, n'kuzizira, n'kukhuthula mvula. Pa chaka chonse kumagwa mvula yokwana mamilimita pafupifupi 3,000. Chakumapeto kwa chaka mphepo ija imatembenuka n'kumaomba kuchokera kumtunda kulowera kunyanja. Anthu akale atazindikira zimenezi adapeza msewu wa pamadzi: chombo cha matanga chinkanyamuka ku Nyanja Yofiira, n'kuoloka m'masiku ngati 40, n'kudikira kuti mphepo itembenuke kuti chibwerere kwao chitadzaza ndi tsabola wakuda. Aroma, Ayuda ndi Aluya onse ankakocheza pa doko la Muziris, pafupi ndi tauni ya Kodungallur ya masiku ano.

Malinga ndi mwambo wa Akhristu a kumeneko, msewu umenewu ndiwo udabweretsa Mtumwi Tomasi m'chaka cha 52, yemwe uja adakana kukhulupirira mpaka ataona mabala a Ambuye. Amati adayambitsa mipingo isanu ndi iwiri, monga ya Palayur, Niranam ndi Kollam, kenaka adakaphedwa ku Mylapore, ku gombe la kum'mawa, m'chaka cha 72. Imeneyi ndi mbiri yolandirana pakamwa, koma palinso umboni wogwirika. M'zaka za m'ma 500 wamalonda wina wa ku Alexandria, Cosmas Indicopleustes, adalemba kuti m'dziko lolima tsabolalo muli mpingo wa Akhristu. Ndipo mpaka lero kukusungidwa timapale ta mkuwa ta m'chaka cha 849, pamene mfumu ya dera la Kollam idalembetsapo malo ndi ufulu zimene idapatsa tchalitchi. Tangoganizani, mishoni yathu ya Nzama idayamba mu 1901, ya Mua mu 1902. Akhristu a ku Kerala adatitsogolera ndi zaka zoposa 1,000. Maepiskopi ao ankachokera ku Mesopotamia ndi Persia, osati ku Ulaya, ndipo ankapemphera m'Chisiriya, chilankhulo cha pachibale ndi Chiaramu chimene Ambuye Yesu ankalankhula.

MZINDA WA KOCHI

Alendo ambiri amatsikira ku Kochi, pa bwalo la ndege limene mu 2015 lidakhala loyamba pa dziko lonse kuyendera magetsi a dzuwa okhaokha. Mzindawu udakula chifukwa cha tsoka la unzake: m'chaka cha 1341 mtsinje wa Periyar udasefukira, udakwirira doko la Muziris ndi matope n'kutsekula lina ku Kochi. Pa gombe la Fort Kochi mlendo amaona maukonde akuluakulu omangirira ku mitengo yaitali, amene amuna angapo amatsitsa m'madzi ndi kuvuula pokoka zingwe zolemedwa ndi miyala. Amawatcha maukonde a Chitchaina.

Ukayenda pang'ono umafika pa tchalitchi cha St Francis. Vasco da Gama, yemwe timamuphunzira mu Histore, adadzera pa chilumba cha Mozambique ndi ku Malindi mu 1498, n'kukafika pafupi ndi mzinda wa Kozhikode mu Meyi chaka chomwecho. Pa ulendo wake wachitatu adamwalirira ku Kochi pa 24 Disembala 1524 ndipo adaikidwa m'tchalitchi chimenechi. Mafupa ake adawatengera ku Portugal patapita zaka 14, koma mwala wa pamanda ulipobe. Mu 1663 mzindawu udalandidwa ndi Adatchi, mu 1795 ndi Angerezi, ndipo tchalitchicho chinkasintha eni pamodzi ndi mzinda. Lero chili m'manja mwa mpingo wa Church of South India. Ku Mattancherry, pafupi pomwepo, kuli sunagoge wa Ayuda womangidwa mu 1568, ngakhale kuti Ayuda ake ambiri adasamukira ku Israel.

Ku Mattancherry komweko kuli kachalitchi kakang'ono ka mtanda wopendekeka, ndipo apa ndi pamene atsibweni anga akadaomba m'manja. Apwitikizi atapeza Akhristu opemphera m'Chisiriya, poyamba adakondwera, koma pang'onopang'ono adayamba kuwakayikira kuti chikhulupiriro chao n'chokhota. Mu 1599 Arkiepiskopi wa ku Goa, Aleixo de Menezes, adaitanitsa msonkhano ku Diamper. Mabuku ambiri a Chisiriya adakonzedwa, ena adatenthedwa, miyambo ingapo idaletsedwa, ndipo mpingowo udaikidwa pansi pa maepiskopi a ku Ulaya. Anthu adapirira zaka 54. Pa 3 Januwale 1653 khamu lalikulu lidasonkhana pa mtanda wa ku Mattancherry, ndipo poti onse sakadatha kuukhudza, adamangirirako zingwe n'kumagwira zingwezo polumbira kuti sadzamveranso ulamuliro wa Apwitikizi. Amati mtandawo udapendekeka ndi kukokako. Kuchokera pamenepo mpingo umene udali umodzi udang'ambika. Ambiri adabwerera m'chiyanjano ndi Papa, ndiwo Akatolika a mwambo wa Syro-Malabar, amene adapatsidwanso maepiskopi a mtundu wao mu 1896. Ena adagwirizana ndi mpingo wa Orthodox wa ku Antiokeya, ndipo gulu lina la iwowa lidalowa mu Mpingo wa Katolika mu 1930 motsogozedwa ndi Mar Ivanios, ndiwo a Syro-Malankara. Choncho lero ku Kerala Misa ya Katolika imachitika m'miyambo itatu, pophatikiza wa Chilatini umene ife timatsata. Ine nkhani imeneyi idandiwawa poiwerenga. Bala limeneli silidadze ndi adani a Mpingo ai, lidadza ndi atumiki ake amene ankayesa kuti chovala chao chokha ndicho choyenera Mkhristu.

ZIKONDWERERO

Chikondwerero chachikulu kuposa zonse ndi Onam, cha masiku khumi, chimene chimachitika mu Ogasiti kapena Seputembala, mvula yamphamvu ikayamba kuleka. Nthano yake imati kalekale kudali mfumu yabwino, Mahabali, ndipo m'masiku ake kudalibe bodza, kuba kapena tsankho. Milungu idachita nayo mantha, tsono Vishnu adabwera ngati kamnyamata kakafupi, Vamana, n'kupempha malo okwana mapazi atatu okha. Mfumu itavomera, kamnyamatako kadakula modabwitsa: phazi loyamba lidakuta dziko lonse, lachiwiri thambo lonse. Posowa poponda lachitatu, mfumu idapereka mutu wake kuti isaphwanye lonjezo, ndipo idapondedwa mpaka kunsi kwa dziko. Idangopempha chinthu chimodzi, kuti izidzaona anthu ake kamodzi pa chaka. Onam ndiye tsiku la kubwerako, ndipo aliyense amayesetsa kuti mfumu imupeze ali wokondwa.

Pa bwalo la nyumba ana amayala maluwa mozungulira, tsiku lililonse n'kuonjezera mzere wina, mpaka pakhale ngati mkeka wa mawangamawanga. Tsiku lalikulu onse amavala zatsopano n'kudya phwando lotchedwa sadya. Mbale yake ndi tsamba la nthochi, ndipo pa tsambalo amaikapo mpunga ndi ndiwo za mitundu yoposa 20, popanda nyama, n'kutsirizira ndi phala lotsekemera lotchedwa payasam. (Amene amatiphikira nyemba tsiku ndi tsiku asaone ngati ndikuwanena.) M'nyengo yomweyo kumachitika mipikisano ya mabwato. Bwato limodzi limatalika kuposa mamita 30, opalasa ake pafupifupi 100, ndipo pakati pamaima oimba amene amatsogolera nkhafi kuti zilowe m'madzi nthawi imodzi. Mpikisano wotchuka ndi wa Nehru Trophy pa nyanja ya Punnamada ku Alappuzha, umene udayamba pamene nduna yaikulu Jawaharlal Nehru idakachezako mu 1952.

Ndidawafunsa Bambo aja ngati Mkhristu amaloledwa kuchita nawo Onam, poti nthano yake ndi ya Chihindu. Adaseka, nandiuza kuti kwao amayala maluwa ndi kudya sadya chaka chilichonse, ngakhale m'maseminale, pothokoza Mulungu chifukwa cha zokolola ndiponso pokondwera ndi anansi. Chimene sachita ndi kukapereka nsembe ku kachisi. Adaonjeza kuti alipo Akhristu ena amene sagwirizana nazo, ndipo nkhaniyi amatsutsana mpaka lero.

Chikondwerero china ndi Thrissur Pooram, cha mu Epulo kapena Meyi, nyengo yotentha kwambiri. Adachiyambitsa ndi Sakthan Thampuran, mfumu ya Kochi, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Akachisi khumi amatengapo mbali, koma maso a anthu amakhala pa magulu awiri, la Paramekkavu ndi la Thiruvambady. Gulu lililonse limandanditsa njovu 15 zovekedwa zonyezimira pa mphumi, magulu awiriwo n'kuyang'anizana pa bwalo la kachisi wa Vadakkunnathan. Okwera pa njovu amakweza maambulera okongola n'kumawasintha msangamsanga, gulu lina likaonetsa mtundu uwu linzake liyankhe ndi woposa, uku anthu oposa 200 akuomba ng'oma ndi malipenga. M'bandakucha amaphulitsa makombola ogwedeza mzinda wonse. N'zokongola ndithu, koma ine njovuzo ndimazimvera chisoni, kuima maola ambiri pa dzuwa, unyolo kumiyendo, phokoso kumakutu. Makombolanso si masewera: mu Epulo 2016 adapha anthu oposa 100 pa kachisi wina pafupi ndi Kollam.

Chimene chidandigwira mtima n'chakuti zambiri za zinthu zimenezi zimapezekanso pa zikondwerero za Akhristu. Pa mdipiti wa woyera wa parishi amanyamula maambulera a silika onga omwe aja, ng'oma zake n'zomwezo. Kutsogolo kwa tchalitchi kumakhala mtanda wa mwala ndi mlongoti wokwezerapo mbendera, monga pa kachisi, ndipo m'kati mumayaka nyale yamkuwa ya mafuta imene Mhindu aliyense angaizindikire, kungoti pamwamba pake pali mtanda. Pa ukwati mwamuna amamanga kamkanda ka golide m'khosi mwa mkazi monga amachitira anansi ao, koma kolembedwapo mtanda. Komabe tisathamangire kuyamikira zonse. Akhristu akalewo adatengeranso tsankho la dzikolo, loona anthu a mitundu ina ngati odetsedwa osayenera kuwakhudza. Padafunika munthu ngati Kuriakose Elias Chavara Woyera, wansembe amene adakhala ndi moyo kuyambira 1805 mpaka 1871. Iye adatsekula sukulu ku Mannanam mu 1846 n'kulandiramo ana a anthu onyozekawo, adalamula kuti pa tchalitchi chilichonse pakhale sukulu, ndipo ankapempha amai kuti pophika azipatulako mpunga wodzaza dzanja wothandizira osowa. Pa kalembera wa 2011 uja, anthu 94 mwa 100 alionse ku Kerala ankadziwa kulemba ndi kuwerenga, kuposa zigawo zonse za India, ndipo sukulu za mipingo zili ndi gawo lake pamenepo. Papa Yohane Paulo Wachiwiri adamutcha Wodala ku Kottayam mu 1986, pamodzi ndi Sisitere Alphonsa, patatsala zaka zitatu kuti adzacheze kuno kwathu. Alphonsa adatchedwa Woyera mu 2008, Chavara mu 2014.

KUMAPIRI

Kugombe kukatentha, anthu amathawira kumapiri. Malo otchuka ndi Munnar, makilomita ngati 130 kuchokera ku Kochi, pa mtunda wa mamita 1,600. Dzinali limatanthauza mitsinje itatu, chifukwa imakumana pamenepo. Angerezi ndiwo adayamba kulimako tiyi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo anzathu a ku Thyolo ndi Mulanje ataona zithunzi zake angayese ndi kwao: mapiri obiriwira ometedwa bwino, nkhungu m'mawa, amai ndi madengu kumsana. Pafupi pali phiri la Anamudi, lalitali mamita 2,695, loposa onse kumwera kwa India, komabe Sapitwa wathu wa mamita 3,002 amaliyang'anira pansi. M'nkhalango yotetezedwa ya Eravikulam muli mbuzi zam'tchire zotchedwa Nilgiri tahr, ndiponso duwa la neelakurinji limene limamasula kamodzi pa zaka 12, mapiri onse n'kusanduka obiriwira ngati thambo. Lidamasula mu 2006 ndi mu 2018, ndipo akuliyembekezanso mu 2030. Pamenepo, Mulungu akalola ndiponso atsibweni akalola, ndidzakhala ndili ku seminale yaikulu.

Mlendo wojambula zithunzi saona kawirikawiri tinyumba ta m'mizere mmene mumakhala othyola tiyiwo. Ambiri ndi Atamil amene makolo ao adatengedwa kuseri kwa mapiri kudzagwira ntchito m'maesiteti. Mu Seputembala 2015 amai zikwizikwi othyola tiyi adanyanyala ntchito ku Munnar, natseka misewu masiku asanu ndi anai, osalola ngakhale atsogoleri aamuna a mabungwe a antchito kuwalankhulira, mpaka bonasi yao idakwezedwa. Ndipo mvula ija yobiriwitsa mapiri imaphanso. Mu Ogasiti 2018 madzi osefukira adapha anthu oposa 400 m'Kerala monse. Mu Ogasiti 2020 phiri lidagumukira tinyumba ta antchito ku Pettimudi usiku, n'kupha anthu oposa 60. Ife amene tidaona namondwe wa Freddy mu 2023 sitifunika kutilongosolera.

Akhristu ali ndi mapiri aoao. Ku Malayattoor, m'mbali mwa mtsinje wa Periyar, kuli phiri limene amati Tomasi Woyera ankabisalako popemphera. M'nyengo ya Lenti anthu miyandamiyanda amalikwera akuchita Njira ya Mtanda, ena atasenza mitanda yamatabwa yolemera imene ayenda nayo masiku angapo kuchokera kwao. Chikondwerero chake chimakhala Lamulungu lotsatira Pasaka, tsiku limene timawerenga za Tomasi ndi mabala a Ambuye.

Koma malo amene ine ndingakonde kufikako kuposa onse ndi Kurisumala, kutanthauza phiri la mtanda, pafupi ndi Vagamon. Kumeneko kuli nyumba ya amonke imene idayamba mu 1958. Oyambitsa ake adali Francis Mahieu wa ku Belgium, amene pambuyo pake ankatchedwa Francis Acharya, ndi Bede Griffiths wa ku England. Iwowa sadafune kusamutsira nyumba ya ku Ulaya ku India. Adavala nsalu yofiirira imene amavala anthu odzipereka kwa Mulungu m'dzikomo, adavula nsapato, ankakhala ndi kudyera pansi, osadya nyama, ndipo mapemphero ao adawatenga ku mwambo wa Chisiriya. Kuti adzidyetse adayamba kuweta ng'ombe za mkaka, ndipo mabanja ozungulira adaphunzirapo ulimi umenewu. Mu 1998 nyumbayi idalandiridwa m'chipani cha amonke a Cistercian. Anthu a zipembedzo zosiyanasiyana amakwera phirilo kukakhala chete masiku angapo. Titamaliza m'bindikiro wathu wa masiku atatu ena a ife tidatuluka ngati ana a mbuzi otsekulidwa m'khola, tsono sindinganame kuti moyo umenewo ndingauthe msanga.

Ntchito ya Jogalafe ija ndidapereka, ndipo aphunzitsi adalemba m'mbali kuti ndachulutsa za Mpingo, ndachepetsa za nthaka. Sabata yatha ndalembera kalata atsibweni. Ndawauza kuti pa nkhani ya 1599 ndi ya zingwe za ku Mattancherry mau ao adalasa, ndipo sindidabise kanthu. Kenaka ndawaikira chaka cha 849, ndi maambulera, ndi nyale yamkuwa ya mtanda pamwamba, n'kuwafunsa mwaulemu kuti Mzungu wake ndi uti pamenepo. Za amonke a ku Kurisumala sindidalembemo, ndasungira pa khonde, chifukwa oyambitsa ake adali Azungu awiri ndipo atsibweni ndimawadziwa, mfundo imeneyo sangaiphonye. Yankho silinabwere, ndipo kwatsala masabata asanu kuti titsekere.